Anthu Amene Adasula Zala za Dotolo wa ku Lambaréné



M'chaka cha 1913 bwato lalikulu losemedwa pa mtengo umodzi lidakocheza pa doko la mishoni ya Lambaréné, m'mbali mwa mtsinje wa Ogooué, m'dziko limene lero likutchedwa Gabon. Pakati pa mabokosi 70 a mankhwala ndi zipangizo za chipatala amene adafika m'masiku amenewo padali katundu wina wolemera koposa onse, amene sakadatha kupoletsa ngakhale chilonda chimodzi. Katunduyo adali piyano. Adaikutira malata kuti chinyezi ndi chiswe zisaiononge, ndipo pansi pake adalumikizapo zopondera ndi mapazi zonga za limba lalikulu la m'tchalitchi. Mwini wake adali Albert Schweitzer, mbusa wa ku Alsace wa zaka 38, amene adali atangotsiriza kumene maphunziro a udotolo. Piyanoyo idali mphatso yochokera kwa anzake a m'bungwe loimba nyimbo za Bach ku Paris.

Ambiri amamdziŵa Schweitzer chifukwa cha chipatala chake ndi mphotho ya mtendere ya Nobel ya chaka cha 1952. Abusa ena amamdziŵa chifukwa cha buku lake la 1906 lofufuza za moyo wa Yesu, limene lidautsa mikangano yosatha pakati pa ophunzira za Mulungu. Koma nkhani ino ili pa piyano ija ndi pa anthu amene adaphunzitsa zala zoiliza. Pakuti ku Lambaréné munthuyu adali dotolo wotopa, woliza piyano atatha ntchito, monga achitira aphunzitsi, anamwino ndi alembi ambiri amene amaliza malimba m'mipingo popanda malipiro. Mwaŵi wake ngwakuti iye adalemba bwino lomwe maina a anthu amene adamsula, ndi chimene aliyense wa iwo adampatsa.

Schweitzer adabadwa pa 14 January 1875 ku Kaysersberg, nakulira m'mudzi wa Gunsbach, kumene bambo wake, Louis Schweitzer, adali mbusa. Dera la Alsace pa nthaŵiyo lidali m'manja mwa Germany, popeza France adalandidwa deralo pa nkhondo ya 1870 mpaka 1871. Motero mwanayo adakula ndi zilankhulo ziŵiri, Chijeremani ndi Chifalansa, ndipo phindu la chimenechi lidzaoneka patsogolo. M'nyumba ya mbusa mudali piyano yakale imene adasiya agogo ake a kuchikazi, mbusa Schillinger, munthu wokonda malimba kwambiri. Pa piyano imeneyo bambo adayamba kuphunzitsa mwana ali ndi zaka 5. Mbusayo sadali katswiri, koma ankatha kupeka nyimbo pomwepo zala zili pa makiyi, ndipo mwana adatengera chizoloŵezi chomwecho. Ali ndi zaka 8 adayamba kuliza limba la m'tchalitchi, miyendo isanafike bwino pa zopondera, ndipo ali ndi zaka 9 adaloledwa kuloŵa m'malo mwa woliza limba pa mapemphero. Munthu amene adapereka mpando wake kwa kamnyamata kotere ayenera kuŵerengedwa pamodzi ndi aphunzitsi enieni, pakuti ndi ochepa oliza malimba amene amatsika pa mpando mokondwa.

M'chaka cha 1885 mnyamatayo adatumizidwa ku sukulu ya sekondale ku Mulhouse, kumene adakakhala kwa achibale okalamba aŵiri opanda mwana, agogo Louis ndi mkazi wao Sophie. M'nyumbamo mudali mwambo woopsa. Atatha kudya masana ankayenera kukhala pa piyano mpaka nthaŵi yobwerera ku sukulu, ndipo madzulo akatsiriza ntchito ya ku sukulu msanga, mai Sophie ankamubwezanso pa piyano pomwepo. Akadandaula, maiwo ankamuyankha kuti sadziŵa chimene nyimbo zidzamchitire atakula. Palibe buku la mbiri ya nyimbo limene limaŵatchula mai ameneŵa ngati woimba, komabe zaka zisanu ndi zitatu za kuumiriza kwao ndizo zidalimbitsa zala zimene pambuyo pake zidasonkhanitsa ndalama zomangira chipatala.

Mphunzitsi wake wa nyimbo ku Mulhouse adali Eugène Munch, woliza limba pa tchalitchi cha Saint-Étienne, mnyamata amene adali atangochokera ku maphunziro ku Berlin, wodzaza ndi chikondi cha nyimbo za Johann Sebastian Bach. Poyamba aŵiriŵa sadamvane konse. M'malo mophunzira nyimbo imene wapatsidwa, Albert ankataya nthaŵi kupeka zake ndi kuliza chilichonse chimene wachipeza pa tebulo. Ndipo pofika pamaso pa mphunzitsi ankaliza mouma ngati wokhoma misomali. Chifukwa chenicheni, monga adaulula yekha atakula, chidali manyazi: sankafuna kuti mphunzitsi aone zimene nyimbo inkachita mumtima mwake. Munch ankauza anthu kuti mnyamatayu ndi minga m'thupi mwake.

Tsiku lina, atamva nyimbo ya Mozart yolizidwa mwaulesi, mphunzitsi adapsa mtima. Adatsekula buku la Felix Mendelssohn la tinyimbo ta piyano topanda mau, naika kamodzi patsogolo pa mnyamatayo, namuuza kuti sayenera nkomwe kupatsidwa nyimbo yokoma chotere, kuti akadzabwera adzaiononganso, ndi kuti mwana wopanda mtima palibe mphunzitsi angathe kumpatsa mtimawo. Mauŵa adamlasa. Sabata lonse adaiphunzira nyimboyo monga sadachitirepo ndi kale lonse, nalemba pamwamba pa manotsi chala chimene chiyenera kugwa pa kiyi iliyonse. Tsiku la phunziro litafika adauvula mantha, nailiza monga momwe ankaimvera m'kati. Munch sadanene zambiri. Adamgwira pa mapeŵa, namsuntha, nakhala pa piyano yekha, namlizira nyimbo ina ya m'buku lomwelo. Patsogolo pake adampatsa Beethoven, ndipo patapita maphunziro oŵerengeka adamuyesa woyenera kuyamba Bach.

Nkhani imeneyi imakondedwa ndi aphunzitsi aukali, ndipo mpofunika kuimva mosamala. Mau onga a Munch aletsa ana ambiri kuyandikiranso limba moyo wao wonse, ndipo za ana amenewo palibe amene amalemba. Chimene chidapulumutsa phunzirolo ndi zimene zidachitika sabata lotsatira: mphunzitsi adamva kuti mwana wasintha, ndipo adavomereza pomwepo, osakumbutsanso zakale. Kuyambira pamenepo sadammanenso kanthu. Albert ataloŵa mpingo ali ndi zaka 15, Munch adamkweza pa limba lalikulu la Saint-Étienne. Ali ndi zaka 16 adayamba kumsiyira mapemphero, ndipo posakhalitsa adamkhulupirira kuti alize limba pamene kwaya inkaimba Requiem ya Johannes Brahms pamaso pa anthu a mumzinda. Munch adamwalira ndi nthenda ya taifodi m'chaka cha 1898, akali ndi mphamvu zake zonse. Kabuku koyamba kamene Schweitzer adasindikiza, asanalembe chilichonse cha filosofi kapena cha Chipangano Chatsopano, kadali ka chikumbutso cha mphunzitsi ameneyu.

Ena adamsula ali patali. Ali ndi zaka 16 adamva kwa nthaŵi yoyamba seŵero loimba la Richard Wagner lotchedwa Tannhäuser, ndipo kwa masiku angapo maphunziro a m'kalasi sankaloŵa m'mutu. M'chaka cha 1896 adapita ku Bayreuth kukamva nyimbo za Wagner, nkumadya kamodzi pa tsiku kuti ndalama za ulendo zikwanire. Ku Strasbourg, kumene adaloŵa yunivesite m'chaka cha 1893, mbale wake wa mphunzitsi wake uja, Ernest Munch, ankatsogolera kwaya ya tchalitchi cha Saint-Guillaume poimba nyimbo zazikulu za Bach, ndipo Schweitzer adakhala womlizira limba zaka zambiri. Kumeneko adaidziŵa ntchito ya Bach monga momwe mwini wake ankaichitira ku Leipzig kuyambira 1723, ndiko kukonzera mpingo nyimbo sabata ndi sabata.

Tsono afike Charles-Marie Widor. Ameneyu adali woliza limba pa tchalitchi cha Chikatolika cha Saint-Sulpice ku Paris kuyambira 1870 mpaka 1933, munthu wotchuka m'maiko onse a ku Ulaya, wamkulu kwa Schweitzer ndi zaka 31. Mu October 1893 mnyamata wa ku Gunsbach adakamlizira, ndipo Widor, amene sankakonda kulandira ophunzira ochokera kunja kwa sukulu yake, adamlandira. Pambuyo pake ankamphunzitsa kwaulere. Kwa iye Schweitzer adaphunzira kuliza momveka, kuti mzera uliwonse wa nyimbo uzidziŵika paokha monga mizati ya nyumba, ndi kuleka kuthamanga.

Tsiku lina m'chaka cha 1899, akuŵerenga pamodzi nyimbo zimene Bach adalemba kuti limba lizitsogolera nyimbo za mpingo, Widor adaulula chinthu chimene akatswiri saulula kaŵirikaŵiri. Adati nyimbo zina za Bach amazimvetsa bwino, koma izi zokha zimamsokoneza: chifukwa ninji nyimbo imasintha mwadzidzidzi, kuchoka pa chimwemwe kugwera m'chisoni, popanda chifukwa chooneka pa pepala? Wophunzirayo adayankha kuti chifukwa chake chili m'mau a nyimbo za Chilutera zimene Bach ankazitanthauzira, ndipo popeza adaziloŵeza kuyambira ubwana, adayamba kumasulira mphunzitsi wake mauwo kuchokera m'Chijeremani kupita m'Chifalansa. Chitsanzo chodziŵika ndi nyimbo ya kugwa kwa Adamu: m'menemo mapazi a woliza amagwa mobwerezabwereza kuchoka pa mau apamwamba kufika pansi, ngati munthu wophunthwa pa phompho. Wosadziŵa mau amangoona kulumpha kwachilendo, koma wodziŵa mau amamva ulaliki wa Genesis 3. Madzulo amenewo adadutsa nyimbo ndi nyimbo, ndipo Widor adavomereza poyera kuti adaona Bach amene sadamdziŵepo.

Apa wosula adasulidwa ndi wophunzira wake, ndipo sadachite nazo nsanje. Adamkakamiza kuti alembe zimenezi kuti oliza malimba a ku France apindule. Chimene chidayenera kukhala kankhani kakafupi chidasanduka buku la masamba 455, lotuluka m'Chifalansa m'chaka cha 1905. A ku Germany atalipempha m'chilankhulo chao, Schweitzer adaona kuti kumasulira kukumkanika, nalilembanso mwatsopano, ndipo lidatuluka m'chaka cha 1908 lili ndi masamba 844. Zonsezi ankachita usiku, pakuti masana adali mlaliki pa tchalitchi cha Saint-Nicolas ndi mphunzitsi wa ophunzira ubusa. Aliyense amene adamvapo woliza limba akuthamangitsa nyimbo ya pa Lachisanu Loyera ngati ya pa ukwati adziŵa kuti funso la Widor silidathe ntchito.

Pa piyano penipeni, aphunzitsi ake akulu adali aŵiri, ndipo adaŵapeza pa nthaŵi imodzi ku Paris m'nyengo yozizira ya 1898 mpaka 1899. Woyamba adali Marie Jaëll, mai wa ku Alsace komweko, wophunzira ndi bwenzi la Franz Liszt, amene adali ataleka kuliza pamaso pa anthu kuti afufuze za kakhudzidwe ka chala pa kiyi. Chiphunzitso chake chidali chakuti chala chiyenera kudziŵa chimene chikuchita, kuyambira pa pheŵa mpaka ku nsonga yake, ndi kuti woliza ayambe wamva m'mutu mwake mau amene akufuna asanakhudze kiyi. Schweitzer adadzipereka kuti maiyo aziyesera nzeru zakezo pa iye, ndipo adachitira umboni kuti dzanja lake lidasinthiratu. Wachiŵiri adali Isidor Philipp, wotsata njira yakale ya kubwereza zolimbitsa zala, amene adamteteza ku zopitirira muyeso za njira ya Jaëll. Aphunzitsi aŵiriŵa sankaŵerengerana konse, motero wophunzira adabisira aliyense kuti amapitanso kwa mnzake: m'maŵa ankaliza monga afunira Jaëll, masana monga afunira Philipp. Abusa angaŵeruze okha ngati kubisa kumeneku kudali koyenera mwana wa mbusa. Chodziŵika nchakuti adatola kwa onse aŵiri, ndipo sadasanduke kapolo wa mmodzi.

Pa nthaŵi imeneyi nkuti atapanga kale pangano mumtima mwake. Pa nyengo ya Pentekoste ya 1896, ali ndi zaka 21, adatsimikiza kuti adzatsata maphunziro ndi nyimbo mpaka zaka 30, ndipo pambuyo pake adzatumikira anthu ndi manja. M'chaka cha 1904 adaŵerenga m'magazini ya bungwe la mishoni la ku Paris za kusoŵa kwa antchito ku Gabon, ndipo mu October 1905 adalembera makolo ndi abwenzi kuti ayamba kuphunzira udotolo. Widor, amene ankamkonda ngati mwana wake, adamkalipira, namfanizira ndi mkulu wa ankhondo amene wasiya udindo wake kuti akagwire mfuti kutsogolo kwa nkhondo. Akomiti a mishoni naonso adamkayikira chifukwa cha ziphunzitso zake, ndipo adamlola kupita atalonjeza kuti akagwira ntchito ya udotolo yokha, osalalika. Malo amene adapitawo adayambitsidwa ndi amishoni a Chipresbiteriani a ku America m'zaka za m'ma 1870, naperekedwa kwa a ku Paris m'chaka cha 1892.

Adafika ndi mkazi wake Hélène pa 16 April 1913, nayamba kuonera odwala m'khola la nkhuku. M'miyezi isanu ndi inai yoyamba adaona odwala pafupifupi 2,000, a malungo, khate, kaodzera, zilonda ndi matenda ena. Piyano ija poyamba sankafuna kuikhudza. Adali atadziuza kuti ntchito ya ku Africa ndiyo mapeto a moyo wake wa nyimbo, ndipo ankaganiza kuti kuleka kudzaphweka ngati alola zala ndi mapazi kuchita dzimbiri. Koma madzulo ena, akuliza mwachisoni nyimbo ina ya Bach, adazindikira kuti ku thengoko ali ndi chinthu chimene ku Ulaya sadali nacho: panalibe tsiku la konsati lomthamangitsa. Adatsimikiza zotenga nyimbo imodziimodzi ya Bach, Mendelssohn, Widor, César Franck ndi Max Reger, kuiphunzira mpaka pa kanotsi kotsiriza ndi kuiloŵeza pamtima, ngakhale imodzi itamtengera miyezi. Masiku ena nthaŵi yake idali theka la ora lokha.

Nkhondo ya 1914 itabuka, iye ndi mkazi wake adayesedwa adani, popeza adali nzika za Germany m'dziko lolamulidwa ndi France. M'chaka cha 1917 adatengedwa kupita ku ndende ya akaidi a nkhondo ku Garaison, m'mphepete mwa mapiri a Pyrénées, ndipo pambuyo pake ku Saint-Rémy. Ku Garaison mkaidi mnzake adamkhomera tebulo, ndipo pa tebulo limenelo ankaliza nyimbo za Bach zopanda phokoso, zala pa thabwa, mapazi pansi. Apa mpamene chiphunzitso cha Marie Jaëll, chakuti mau ayambe amveka m'mutu, chidapeza ntchito imene mwini wake sadailote. Nkhondo itatha adali wodwala ndi wangongole. M'chaka cha 1920 bishopu wamkulu wa ku Sweden, Nathan Söderblom, adamlandira ku Uppsala, namlangiza kuti ayende m'dzikomo kukamba za Lambaréné ndi kuliza malimba. Ngongole zidabwezedwa, ndipo m'chaka cha 1924 adabwerera ku Ogooué. Kuyambira pamenepo maulendo ake oliza malimba ku Ulaya adakhala mbali ina ya chuma cha chipatala. Oliza a masiku ano akamva malekodi ake a ku London a 1935 amati ankachedwetsa nyimbo kwambiri, ndipo ambiri satsatanso njira yake. Koma ndi ochepa amene amakana kuti mzera uliwonse umamveka.

Pali mbali ina imene msonkhano wa abusa a mu Africa sungailumphe. Munthu amene adaphunzitsa Widor kuti nyimbo simveka kwa wosadziŵa mau ake adakhala pakati pa Agaloa ndi Afang zaka zambirimbiri osaphunzira chilankhulo chao, nkumalankhula ndi odwala kudzera mwa womasulira. Opalasa bwato ankaimba pa mtsinje, ndipo iye ankaŵamva. Koma pa mndandanda wa anthu amene adamsula palibe dzina la munthu wa ku Ogooué. Ankaona Aafrica ngati abale aang'ono oyenera kuleredwa, ndipo pofika nthaŵi ya ufulu wa Gabon m'chaka cha 1960 ambiri adali kumdzudzula chifukwa cha maganizo amenewo. Sikuti amishoni onse a m'badwo wake adali otero: ku Loudon, kumpoto kwa Malaŵi, Donald Fraser adalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a Chingoni ndi Chitumbuka, ndipo nyimbo za anthu onga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula zikuimbidwabe. Khutu la Schweitzer lidasulidwa ku Mulhouse ndi ku Paris, ndipo lidakhala lomvera kumeneko mpaka imfa.

M'zaka zake za ukalamba m'chipinda chodyera cha chipatala mudali piyano ina yakale, yothetheka ndi chinyezi, makiyi ena osalira. Mlendo wa ku America, Norman Cousins, amene adacheza kumeneko m'chaka cha 1957, adadabwa kuona munthu amene adalizapo malimba otchuka a ku Ulaya akukhala pa chiphwasu chotere. Chakudya cha madzulo chikatha, mabuku a nyimbo ankagaŵidwa, nkhalambayo nkutchula nambala, nkuyenda pang'onopang'ono kupita pa piyano, nkupeka kachiyambi kake pomwepo monga ankachitira bambo wake ku Gunsbach. Madotolo ndi anamwino ankaimba, kenaka iye nkuŵerenga Mau ndi kuŵatanthauzira mwachidule.

Ntchito imodzi idatsala. Iye ndi Widor adayamba kukonza mabuku a nyimbo zonse za Bach za palimba, ndipo asanu oyamba adatuluka ku New York pakati pa 1912 ndi 1914. Otsalawo, a nyimbo za mpingo zija, adaimitsidwa ndi nkhondo ndi ntchito ya chipatala. Widor adamwalira m'chaka cha 1937 asanaŵaone. Schweitzer adaipitiriza ntchitoyo pamodzi ndi Édouard Nies-Berger, woliza limba wa ku Alsace, ndipo buku lachisanu ndi chimodzi lidatuluka m'chaka cha 1954. Dotoloyo adamwalira ku Lambaréné pa 4 September 1965, ali ndi zaka 90, naikidwa pafupi ndi chipatala chake. Mabuku aŵiri otsiriza adasindikizidwa m'chaka cha 1967, patapita zaka 68 kuchokera madzulo aja Widor adafunsa funso lake.